Kupanga chifanizo cha ngalande ya peptide m'khungu la selo pogwiritsa ntchito waya, zitsononkho ndi mabotolo

Uzani ana a Fomu 3 kuti ajambule njira imene potassium amalowera m'selo. Ambiri ajambula khungu la selo ngati khoma la mizere iwiri, pakati n'kusiya bowo ngati loboola ndi msomali. Mukafunsa chimene chikugwira bowolo kuti mafuta a m'khungu asalitseke, kalasi yonse imangoti zii. Bolodi ndi lafulati, pamene yankho lagona pa mbali imene yayang'ana mafuta ndi mbali imene yayang'ana madzi, ndipo zimenezo mwana amazimvetsa akachigwira chinthucho n'kuchitembenuza yekha.

Tipanga zifanizo ziwiri. Choyamba ndi cha gramicidin A, peptide (kaunyolo kakafupi ka ma amino acid, tizidutswa timene timamanga mapuloteni) ya ma amino acid 15 imene René Dubos anaipeza mu 1939 kuchokera ku bakiteriya wa m'dothi amene kale ankatchedwa Bacillus brevis. Chachiwiri ndi cha alamethicin, ya ma amino acid 20, yopangidwa ndi nkhungu ya Trichoderma viride. Zonse zimatsegula njira m'khungu la selo koma mosiyana kwambiri, n'chifukwa chake ndimati musapange chimodzi chokha.

Muyeso wathu ndi umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: sentimita imodzi ikuimira angstrom imodzi, kutanthauza nanomita 0.1. Ulembeni pabolodi ndipo musausinthe.

Zofunika kusonkhanitsa

Waya wa mpanda wofewa, wopindika ndi manja, mamita awiri. Pulayala ndi mpeni wakuthwa. Zitsononkho zouma zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, zonenepa pafupifupi masentimita 3. Za chimanga cha kudimba zimakhala zazing'ono, choncho sankhani bwino. Botolo lolimba lozungulira, lotambalala pafupifupi masentimita 6.5, lokulungirapo waya. Mabotolo apulasitiki a malita awiri okwana 8, ndi mchenga wowadzaza. Zivindikiro za mabotolo 8. Timitengo ta nsungwi kapena ta machesi, dongo pang'ono, mlaza, ulusi wosokera, chingwe, katoni yaikulu, mapepala aakulu ngati a matumba a simenti, rula, makala ndi inki kapena penti wa mitundu iwiri. Mutengenso bawuti imodzi wamba.

Pulasitisini musagule. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, m'kalasi ya malata mwezi wa Okutobala, amalobodoka isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Selotepi nayenso amamatuka. Dongo la m'mbali mwa Shire losakaniza ndi mchenga pang'ono, loumitsa pamthunzi, limapirira chaka chonse.

Gawo loyamba: gramicidin A

1. Dulani waya ziwiri, iliyonse masentimita 60. Siyani masentimita 5 kumayambiriro, kenako ikani zizindikiro 15 ndi inki, zotalikirana masentimita 3.6. Kumapeto kutsalanso pafupifupi masentimita 5. Chizindikiro chilichonse ndi malo a amino acid imodzi. Lembani zizindikirozi waya idakali yowongoka. Ikapindika rula sigwiranso ntchito.

2. Pabotolo lokulungira jambulani mzere woongoka kuchokera pansi kupita pamwamba, n'kuika madontho otalikirana masentimita 4.8. Kulungani waya kuti nthawi iliyonse ikazungulira kamodzi idutse pa dontho lotsatira. Ikuyenera kuzungulira kawiri ndi theka, kupitirirako pang'ono, ndipo mukawerenga zizindikiro mupeza 6 ndi kachidutswa pa kuzungulira kulikonse. Nambala yake yeniyeni ndi 6.3. Mukaivula pabotolo waya imatambasukako n'kufika pa masentimita 7, ndipo ndi zomwe tikufuna.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Waya iyenera kupota cha kumanja. Imikani bawuti ija n'kuyang'ana mazinga ake: amene ali kumaso kwanu amakwera kuchokera pansi kumanzere kupita pamwamba kumanja. Waya yanu ioneke chimodzimodzi. Koma musakabwereke pedulo kwa wakabaza kuti muyerekezere, chifukwa pedulo ya kumanzere ili ndi mazinga obwerera, ndipo ikusocheretsani. Mukalakwitsa musachite manyazi kwambiri: Dan Urry, amene anayamba kufotokoza maonekedwe a ngalandeyi mu 1971, ankaganiza kuti imapota cha kumanzere, mpaka kuyeza kwa NMR (njira yoonera maonekedwe a molekyulu pogwiritsa ntchito maginito) kwa zaka zotsatira kunaonetsa kuti ndi kumanja.

3. Kulungani waya yachiwiri mofanana ndendende ndi yoyamba. Ana amakonda kunena kuti popeza iwiriyi idzayang'anizana, yachiwiri ipote mobwerera ngati chithunzi cha pagalasi. Ayi. Apatseni bawuti aitembenuze chadodolido, aona okha kuti mazinga akukwerabe kumanja.

4. Dulani zitsononkho m'tizidutswa ta masentimita 2, tokwana 30, ndi tina tosungira chifukwa tina timasweka. Boolani pakati pofewa paja n'kutitunga pa waya ngati mikanda, kamodzi pa chizindikiro chilichonse. Mukadula totalika kuposa apa tikankhana mkati mwa kupota ndipo waya iwongoka. Katayirira katsekereni ndi kamtengo ka machesi.

Tsopano suzumirani kuchokera pamwamba. Waya yatambalala masentimita 7, zitsononkho zadya masentimita 1.5 mbali iliyonse, ndipo pakati patsala bowo la pafupifupi masentimita 4. Ngalande yeniyeni ndi ma angstrom 4. Anthu ena amakulunga waya pa paipi ya masentimita 4 n'kunena kuti atha, kuiwala kuti ma atomu ali ndi thupi.

5. Lembani manambala 1 mpaka 15 pa tizidutswa. Mndandanda wake ndi uwu: Val, Gly, Ala, Leu, Ala, Val, Val, Val, Trp, Leu, Trp, Leu, Trp, Leu, Trp. Detsani ndi makala tizidutswa 4, 6, 8, 10, 12 ndi 14. Amenewa ndi ma amino acid a mtundu wa D. Oyera a manambala 1, 3, 5 kupita m'tsogolo ndi a mtundu wa L; D ndi L amasiyana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere. Nambala 2, glycine, alibe dzanja lamanja kapena lamanzere, koma wakhala pa mpando wa D, choncho mungomulemba kamzere kakuda.

Kusinthana kumeneku, woyera wakuda woyera wakuda, ndiye mtima wa nkhani yonse. Mapuloteni a m'thupi mwathu amamangidwa ndi ma L okhaokha. Unyolo wotambasuka wa ma L okha umatulutsa nthambi zake (tizigawo ta amino acid totulukira m'mbali mwa unyolo) mbali ziwiri, ina uku ina uko. Ukasinthanitsa L ndi D nthambi zonse zimagwera mbali imodzi, ndiye ukaukulunga zonse zimatsalira kunja, mkati n'kukhala mopanda kanthu ngati kalavati.

6. Bayani nthambi. Pa glycine musabaye kalikonse. Pa alanine kamtengo ka machesi kodula pakati. Pa valine kamtengo ka masentimita 3 kokhala ndi kadongo kunsonga, pa leucine ka masentimita 4. Pa tryptophan, manambala 9, 11, 13 ndi 15, dulani tizidutswa ta katoni tafulati ta masentimita pafupifupi 7 m'litali n'kutipana pa kamtengo kong'aluka. Nthambi iliyonse iloze kunja. Mwana akabaya ina kuloza mkati, musamukonze msanga. Mulekeni adzakanike kudutsitsa zivindikiro pa sitepe 9.

7. Kumutu kwa waya, isanafike nambala 1, mangani kansanza kofiira. Kameneka ndi formyl. Kumchira, itadutsa nambala 15, mangani koyera, ethanolamine; tiwiriti ndi timagulu ta ma atomu totseka nsonga za unyolo. Kenako tengani ulusi n'kulumikiza tizidutswa ta mzere wapansi ndi tomwe tili pamwamba pake, ulusi uziyenda motsata utali wa ngalande. Ulusiwu ukuimira ma hydrogen bond, amene amatseka mipata imene mukuiona pakati pa mizere. Auzeni ana kuti m'chinthu chenicheni madzi sangatulukire m'mbali.

8. Lumikizani ziwirizo mutu kumutu, tinsanza tofiira tikumane pakati. Ulusi usanu ndi umodzi: uwiri pakati pa nambala 1 ya uyu ndi 5 ya uyo, uwiri pakati pa 3 ndi 3, uwiri pakati pa 5 ndi 1. Yezani utali. Uzikhala pafupifupi masentimita 26, ndipo makatoni a tryptophan akhale kumapeto awiri onse, osati pakati.

Musamange mfundo imeneyi ndi waya ngakhale ikugwedera. Kugwederako ndi koona. M'khungu, theka lililonse limayandama m'chigawo chake, lina chapamwamba lina chapansi. Akakumana ngalande imatseguka, pakapita kanthawi ka pafupifupi sekondi, kutengera mtundu wa mafuta a khungulo, amasiyana ndipo njira yatsekeka. Ine ndimamanga mfundo zosolola kuti ndizimasula ana akuona.

9. Boolani zivindikiro 8, zitungeni pa chingwe m'mbali ndi m'mbali, n'kuzikoka kudutsa m'ngalande. Chilichonse ndi molekyulu ya madzi, imene ndi ma angstrom pafupifupi 2.8. Ziwiri sizingadutsane m'bowo la masentimita 4. Zimayenda mondondozana ngati anthu pa kamlatho ka mtengo umodzi. Umbani mpira wa dongo wa masentimita 2.7 wa potassium ndi wina wa masentimita 2 wa sodium, kukula ngati sawu. Ikani umodzi pakati pa mzerewo: kuti ayoniyo (atomu yokhala ndi mphamvu ya magetsi) adutse, ayenera kukankha madzi onse ali kutsogolo kwake. Ngakhale zili choncho amadutsa mamiliyoni pa sekondi imodzi. Kenako yesani kukankhamo lalanje m'malo mwa shuga wa glucose. Silingalowe.

Chenjezo pa calcium. Iye sadutsa, ndipo amatha kukhala pakhomo n'kutsekereza anzake, koma chifukwa chake si kunenepa. Kukula kwake n'kofanana ndi sodium. Vuto ndi lakuti ali ndi mphamvu ya magetsi iwiri, amakakamira madzi omuzungulira, ndipo ngalande yopapatiza chonchi singamulipire zokwanira kuti awasiye. Chloride naye sadutsa: m'kati mwa ngalande muli ma oxygen a unyolo amene amakopa ma ayoni a positive n'kukana a negative. Mutha kudontheza penti wofiira mkati mwa chitsononkho chilichonse kuti ma oxygen amenewa azioneka.

Gawo lachiwiri: khungu

Ili ndi lachangu. Pezani katoni yotalika masentimita 30, chotsani mbali ya kutsogolo, boolani pamwamba ndi pansi mabowo a masentimita 20. Danga la mkati ndi chigawo chamafuta cha khungu. Umbani mipira ya dongo khumi kapena kuposerapo, ya masentimita pafupifupi 8, uliwonse ndi michira iwiri ya mlaza ya masentimita 15. Mitu ikhale kunja kwa katoni, pamwamba ndi pansi, michira ilowe mkati. Pachikani gramicidin pakati ndi chingwe.

Muona kuti yaperewera masentimita 2 pamwamba ndi 2 pansi. Musaitambasule. Pindirani katoni mkati mozungulira bowo. Khungu lenileni limachita chimodzimodzi, limafinyika kuti likumane ndi ngalande, ndipo likakhala lokhuthala kwambiri ngalande sikhalitsa. Onaninso pamene pafika makatoni a tryptophan: m'malire mwa mafuta ndi madzi, pafupi ndi mitu ya dongo. Ndi amene amazika peptide pamalo pake.

Gawo lachitatu: alamethicin

1. Dzazani mabotolo ndi mchenga n'kutseka. Botolo lililonse ndi peptide imodzi yopota mwa mtundu wa alpha helix, yotalika pafupifupi masentimita 30 ndi kutambalala pafupifupi 10 mukawerengera nthambi zake. Mchengawo si wongolemeretsa. Alpha helix ilibe bowo pakati. Ma atomu ake anathithikana. Mwana aliyense anyamule botolo amve kulemera, chifukwa pa mayeso ambiri amajambula ayoni akudutsa mkati mwa alpha helix atatengera za gramicidin.

2. Dulani pepala lotalika masentimita 30, lotambalala mongokwana kuzungulira botolo kamodzi. Ligaweni m'mizere yoimirira 18 yofanana, manambala 1 mpaka 18 kuchokera kumanzere. Mzere uliwonse ndi madigiri 20.

3. Ikani dontho la amino acid yoyamba mu mzere 1, pafupi ndi pansi. Lotsatira: pitani mizere 5 kumanja, kwerani sentimita 1.5. Teroni mpaka madontho 20, ndipo mukapitirira mzere 18 bwererani ku 1 n'kupitiriza kuwerenga. Kuti mudziyese: 2 agwera mu mzere 6, 3 mu 11, 4 mu 16, 5 mu 3, 6 mu 8, 7 mu 13. Mizere 5 ndi madigiri 100, ndipo ndi pamene pachokera ma amino acid 3.6 pa kuzungulira kamodzi. Ana akasokoneza kuwerenga pobwerera ku mzere 1, madontho onse otsatira amasochera, choncho awiri aziwerenga, wina azilemba.

4. Mayina a ma amino acid a mtundu wodziwika kwambiri wa alamethicin ndi awa: Aib, Pro, Aib, Ala, Aib, Ala, Gln, Aib, Val, Aib, Gly, Leu, Aib, Pro, Val, Aib, Aib, Glu, Gln, ndi phenylalaninol kumapeto. Aib, amene akupezeka kasanu ndi katatu, mulibe m'mapuloteni athu, ndipo amaumiriza unyolo kupota. Pentani buluu madontho 7, 11, 14 ndi 18 musanawauze ana chifukwa chake. Kenako afunseni kuti agwera m'mizere iti.

Apeza 13, 15, 12 ndi 14. Pa mndandanda anali motalikirana, koma pabotolo afola mbali imodzi kuchokera pansi kukafika pamwamba. Imeneyo ndi nkhope imene imayang'ana madzi. Kwina konseko nthambi zambiri ndi zokonda mafuta. Sitepe imeneyi ndimaikonda kuposa ina yonse, moti nthawi ikachepa ndi bwino kusiya khungu la katoni kusiyana n'kudumpha iyi.

5. Matani mapepala pa mabotolo, n'kuwaimika mozungulira ngati mizati ya khola, mbali ya buluu kuloza pakati, n'kuwamanga ndi chingwe chimodzi. Yambani ndi anayi muyeze bowo la pakati: pafupifupi masentimita 4. Onjezani akhale 6: bowo likula mpaka botolo lina kukwanamo, masentimita 10. Akhale 8: masentimita 16. Alamethicin imachitadi zimenezi, peptide imodzi kulowa m'bwalo kapena kutulukamo, ndipo oyeza magetsi amaona mphamvu yodutsa ikukwera ndi kutsika ngati masitepe. Gramicidin ili ndi bowo la saizi imodzi basi. Alamethicin imatsegukanso pakakhala kusiyana kwa magetsi pakati pa mbali ziwiri za khungu, pamene gramicidin sidikira zimenezo.

Botolo limanama pa chinthu chimodzi. Proline wa pa 14 amapinda helix pang'ono, choncho mizati yeniyeni ndi yokhota. Mangani kansanza pa dontho 14 kuti anawo asaiwale.

Akafunsa za njuchi

Nthawi zonse pamakhala mwana wofunsa ngati pali peptide yotere imene anakumana nayo. Ngati inamulumapo njuchi, inde: melittin, ya ma amino acid 26, ndi imene yachuluka kwambiri mu ululu wake. Palinso magainin, ya 23, imene Michael Zasloff anaipeza mu 1987 pakhungu la chule wa Xenopus laevis. Izi zimafotokozedwa ndi chifanizo china: khungu lenilenilo limapindikira mkati ngati bowo la donasi, mitu ya mafuta n'kukhala nawo m'khoma la ngalande. Kuti muonetse, talikitsani mabotolo pang'ono n'kulowetsa mipira ya dongo m'mipata yake, mitu kuloza pakati.

Kuyerekeza ndi maonekedwe enieni

Muli ndi bandulo ndi netiweki, tsegulani rcsb.org, tsamba losunga maonekedwe a mapuloteni, pafoni n'kulemba 1MAG. Ndi gramicidin A yoyezedwa ili m'mafuta a khungu, ndipo mutha kuitembenuza ndi chala mpaka bowo lionekere. 1AMT ndi alamethicin imene asayansi Fox ndi Richards anaifotokoza mu 1982. Muona mamolekyulu atatu okhota pa proline, koma si bwalo la ngalande, ndi m'mene anakhalira mu krisitalo. Bwalo la mizati ndi chifanizo chimene asayansi anamanga kuchokera pa maumboni osiyanasiyana. 2MLT ndi melittin. Jambulani zithunzi zake pafoni mudakali pa Nchalo, Ngabu kapena Bangula pamene netiweki ikugwira, musadalire kuti ikagwira m'kalasi.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kulumikiza gramicidin mchira kumchira. Chizindikiro chake ndi makatoni a tryptophan 8 onse ataunjikana pakati pa khungu. Masulani mutembenuze.

Kukopera chithunzi cha waya ziwiri zolukana ngati chingwe. Pa intaneti zithunzi zotere za gramicidin zilipo zambiri ndipo si zabodza. Imakhaladi choncho ikasungunulidwa m'zinthu ngati mowa wa mu labu. Koma chimene ofufuza ambiri amachivomereza kuti ndiyo ngalande ya m'khungu ndi cha mutu kumutu chija.

Kusintha muyeso pakati pa ntchito, mwina kugwiritsa ntchito timabotolo ta theka la lita chifukwa akuluakulu asowa. Mukatero gramicidin ioneka yaikulu kuposa bwalo lonse la alamethicin, ndipo manambala a mabowo aja sagwiranso. Akasowa, kulungani katoni kukhala mipukutu ya masentimita 10 n'kuitsindira nsanza.

Kutembenuzira mbali ya buluu kunja chifukwa ndiyo yokongola ndipo alendo aziiona. Zikatero mwaika zokonda madzi m'mafuta.

Kuwasiya ana akuganiza kuti popeza gramicidin imapha mabakiteriya ndiye ndi mankhwala akumwa kapena obaya. Ngalandeyi sisankha khungu. Imaboolanso maselo ofiira a magazi, n'chifukwa chake imangoikidwa m'mankhwala ogwiritsa ntchito kunja, monga opaka ndi odontheza m'maso kapena m'khutu.

Kusunga chifanizo pansi pakona ya kalasi. Chiswe chimakonda zitsononkho ndi katoni, anankafumbwe amamaliza zotsala, ndipo amene anaona madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 akudziwa pamene amafika m'makalasi a m'mbali mwa Shire ndi Ruo. Pakani zitsononkho oyilo wakutha pang'ono ndi kansanza, ziume tsiku limodzi, ndipo gramicidin muipachike ku phaso ndi chingwe. Mabotolo khuthulani mchenga, mapepala a madontho muwapinde n'kuwasunga m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi mabuku; mchenga mudzatapa wina teremu ikubwerayo.